Musanadule Kutsogolo kwa Hilux Yakale

Nkhani imene inakambidwa kwa amakaniko, owotcherera ndi achinyamata ophunzira ntchito za magalimoto



Ndiyamba ndi galimoto ina imene inafika pagalaja panga chaka china mvula itangosiya. Inali Hilux ya dizilo, yoyera, ya m'ma 1990. Eni ake, bambo ogula mbewu m'midzi, anatsika thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Moni weniweni sanapereke. Anangoti, "Amisiri, kwerani muyendetse nokha, pakamwa sindingathe kufotokoza." Tinalowa mumsewu wa tala. Pa makilomita 40 pa ola galimoto inkayenda mwaulemu. Titafika cha m'ma 60, tayala lakumanja linagunda kadzenje kosaposa chikhatho, ndipo kutsogolo konse kunayamba kunjenjemera. Chiwongolero chinkadzipukusa chokha m'manja mwanga, boneti ili gwedegwede, makobidi amene anali pa dashibodi akugwera pansi. Sizinaleke mpaka nditatsala pang'ono kuima. Bambo aja anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Dzulo zachitika chonchi ana ali kumbuyo."

Nditalowa pansi ndinapeza kuti galimotoyo inadulidwa kutsogolo. Inachoka ku fakitale tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake, koma munthu wina anachotsa zonsezo n'kuikapo ekiselo yathunthu ya masipuling'i. Kuwotcherera kwake kunali kosalala, penti yakuda ili waliwali. Amene anagwira ntchitoyo dzanja anali nalo. Koma nditaika choyezera pamwamba pa knuckle, ndinaona kuti ekiselo yonse inapendekera kutsogolo m'malo mopendekera kumbuyo. Chitsulo cha chiwongolero nachonso chinali chodulidwa pakati n'kulumikizidwanso ndi moto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene ndabwera kudzanena lero chachokera pansi pa galimoto imeneyo. Kusintha kutsogolo kwa galimoto si kuchotsa chitsulo n'kuikapo chitsulo china. Ndi kumanganso miyeso imene mainjiniya anaikhazika atayesa kambirimbiri, ndipo miyeso imeneyo sioneka ndi maso. Munthu akhoza kudziwa kuwotcherera ngati wobadwa nako, koma akasowa tepi, choyezera madigiri ndi kudekha, apanga galimoto yokongola imene idzaphe anthu.

Tikumbutsane kaye kumene nkhaniyi inachokera. Toyota inatulutsa Hilux mu 1968, koma yokoka ndi matayala onse anayi inabwera mu 1979. Kutsogolo kwake kunali ekiselo yathunthu, chitsulo chimodzi chochokera tayala ili kukafika tayala ilo, difu ili m'kati mwake, zonse zitakhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza. Pofika 1986, Hilux zopita ku America zinasinthidwa: tayala lililonse linapatsidwa mikono iwiri, wapamwamba ndi wapansi, kulemera kwa galimoto kukusenzedwa ndi ndodo yachitsulo yopotoka imene timaitcha torsion bar. Ndiyo IFS imene mumaimva. Koma kumaiko a misewu yovuta, monga Australia ndi kuno ku Africa, kampaniyi inapitiriza kugulitsa ya ekiselo yathunthu mpaka cha m'ma 1997. LN106 ya injini ya 3L, ija ya malita 2.8, ambiri a inu mwaigwirapo. Ku Land Cruiser zinayendanso chimodzimodzi. Mu 1998 panatuluka 100 ya IFS, koma pambali pake anatulutsa 105 ya ekiselo yathunthu, ya anthu okhala kutali ndi tala. Ndipo 70, imene inayamba mu 1984, sinasiye ekiselo yathunthu mpaka lero. Chimene anasintha mu 1999 n'kuchotsa masipuling'i osanjikiza kutsogolo n'kuikapo opiringiza.

Mukuona kuti ngakhale opanga galimoto sananene kuti njira imodzi ndiyo yabwino kulikonse. Anayang'ana msewu.

Kusiyana kwake ndimakufanizira ndi kusenza katundu. Ekiselo yathunthu ili ngati anthu awiri osenza mtanda umodzi paphewa. Wina akaponda m'dzenje, mnzake amamva, thupi lonse limagwedezeka. Koma mtandawo suthyoka msanga, ndipo wina akakwera pachulu amakankhira mnzake pansi, kotero onse awiri amapondabe dothi. N'chifukwa chake m'msewu wokumbika ndi madzi, wa ngalande zopingasa, ekiselo yathunthu imagwira pansi pamene IFS yakweza tayala limodzi m'mwamba likungozungulira. Difu nayo imakwera limodzi ndi matayala, kotero mpata wa pansi pake susintha. IFS ili ngati amayi awiri, aliyense ndi ndowa yake pamutu. Wina akapunthwa, mnzake amangopitirira. Pa tala, pamakona, ndiponso m'misewu ya fumbi ija yokhala ndi mizeremizere ngati lata, IFS imayenda mofewa ndipo imamvera chiwongolero kuposa inzake, chifukwa chitsulo chimene chikudumpha pansi pa masipuling'i n'chopepuka. Koma ili ndi mfundo zambiri zimene zimatha: ma ball joint anayi, mabushi a mikono, idler arm, ndi mphira zophimba ma CV zimene zikang'ambika mchenga umalowa n'kudya zonse.

Tsono mwambo wodula IFS n'kuikapo ekiselo yathunthu unakula ku America. Kumeneko kuli anthu amene amasangalala ndi kukweza galimoto pamiyala ikuluikulu, m'malo ngati Rubicon Trail ku California ndi Moab ku Utah. Amamanga matayala a mainchi 35 kapena kuposa, ndipo difu ya IFS, imene giya yake yaikulu ndi ya mainchi 7.5, pamodzi ndi ma CV ake, sizipirira. Ndiye amafunafuna ekiselo za Hilux za 1979 mpaka 1985, za giya ya mainchi 8. Kwa iwo ntchitoyi ili ndi nzeru. Galimoto zawozo zimakwawa pang'onopang'ono ngati kamba, zina zimapita kumiyalako zitanyamulidwa pa ngolo. Achinyamata athu amaonera zimenezi pa YouTube, mtima n'kudumpha, ndipo sindiwadzudzula. Makina omangidwa bwino amakoka mtima wa mmisiri aliyense. Koma Hilux ya kwathu kuno ikadzuka m'mawa imasenza matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, kapena anthu opita kumaliro, kapena mayi wodwala wothamangira naye kuchipatala. Imatuluka m'matope n'kulowa mu M1 pa makilomita 100 pa ola. Imatsika phiri lochokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, kona pambuyo pa kona, phompho lili pambali. Galimoto yoteroyo siifunika kungokwera mwala. Ifunika kuima ikauzidwa kuima, ndi kukhota ikauzidwa kukhota, italemedwa.

N'chifukwa chake kasitomala akabwera kwa ine n'kunena kuti, "Ndiduleni, IFS yanditopetsa," sindithamangira girayinda. Ndimaikweza pa jeke, n'kugwedeza tayala lililonse pamwamba ndi pansi, kenako m'mbali. Kawirikawiri chimene chamutopetsa si IFS ayi, koma IFS yotha. Ma ball joint sanaone girisi zaka zingapo, idler arm ikuseweraseweratu, mashoko anauma kalekale, ndipo wina anamanga ma torsion bar mpaka kumapeto pofuna kuti galimoto ioneke yaitali. Kumanga torsion bar mopitirira kumalanda tayala mpata wotsikira m'dzenje, galimoto imauma ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo ma CV amagwira ntchito atapindika kwambiri n'kumang'amba mphira mwezi ndi mwezi. Mukabweza msinkhu pamalo pake, n'kuika zida zabwino m'malo mwa zotha, mwini galimoto amabwerako akumwetulira, ndalama zambiri zikadali m'thumba. Mwa anthu amene anandipemphapo kudula, ambiri ndinawabweza motero, ndipo sindinong'oneza bondo.

Koma ilipo nthawi imene ndimavomera. Galimoto ikachita ngozi n'kuphwanya malo omangirapo mikono pa chasisi, pamene chasisi yeniyeniyo ikadali yowongoka. Galimoto ikamakhala kumalo kumene chaka chonse ndi ngalande ndi miyala, kutali ndi sitolo ya zida, kumene mmisiri wa pamudzi akhoza kumanga sipuling'i yothyoka koma sangapeze CV. Ndiponso pakapezeka Hilux ina yakufa ya ekiselo yathunthu, yathunthu ndithu, yoti mutengeko zonse pamodzi, osati kutola chidutswa ku Ndirande, china ku Malangalanga, china kwa msuweni wa ku Joni, osadziwa kuti chilichonse chinachoka pa galimoto yanji. Zinthu zitatuzi zikakumana, tikhoza kukambirana.

Tinene kuti mwavomera. Musanayatse moto, werengani mano a difu. Giya ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana ndendende. Hilux zinatuluka ndi magiya osiyanasiyana: mano 41 pa 10 ndi 4.10, mano 43 pa 10 ndi 4.30, mano 41 pa 9 ndi 4.56, mano 39 pa 8 ndi 4.88. Kunja madifu amenewa amaoneka ofanana. Mukaika 4.88 kutsogolo pamene kumbuyo kuli 4.56, matayala akumbuyo adzafuna kuyenda mamita 107 pamene akutsogolo ayenda 100. Transfer ya Hilux zimenezi ilibe difu yapakati yoti n'kugawa kusiyanako. M'matope matayala amangoterereka, simudziwa kanthu. Pa dothi louma zitsulo zimakokana mpaka chofooka chithyoke. Ngati simukufuna kutsegula, kwezani tayala limodzi, linalo likhale pansi, ikani chizindikiro cha choko pa tayala ndi pa propshaft, zunguzani tayala kawiri, muwerenge kuti propshaft yazungulira kangati. Nambala imene mwapezayo ndiyo giya yanu. Pa ekiselo yakutsogolo kumbukirani kutseka ma hub kaye. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi ndi imene anthu amaidumpha.

Yezaninso utali wa ekiselo. Pa Hilux za ku America, ekiselo yakumbuyo ya nthawi ya IFS ndi yotalika ndi mainchi pafupifupi 3 kuposa yakutsogolo yakale ija, ndipo amene amasintha kumeneko amayenera kukonza kusiyanako. Musaganize kuti yanu ikufanana. Gwirani tepi kuchokera pamene pamakhala limu mbali iyi kukafika mbali inayo, kutsogolo ndi kumbuyo, mulembe.

Kulemba ndi theka la ntchito. Galimoto ikhale pa simenti yosalala, osati pa dothi la pansi pa mtengo wa mango. Musanamasule kanthu, tsitsani chingwe chomangirira nati kuchokera pakati pa hub iliyonse, muike chizindikiro pansi. Yezani kuchokera ku ekiselo yakumbuyo kufika kutsogolo mbali zonse ziwiri, kenako mopingasa, kuchokera kumbuyo kumanja kufika kutsogolo kumanzere, ndi kwinakonso chimodzimodzi, monga amachitira mmisiri womanga nyumba poyala maziko. Miyeso yopingasayo ikasiyana, galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu, n'kumadya matayala. Zomangira masipuling'i muziyambe mwangozigwiriza ndi timadontho ta moto. Ikani ekiselo, tsitsani galimoto kuti kulemera kwake konse kukhale pa masipuling'i, injini ili momwemo, muyezenso. Mukakhutira, ndiye wotchererani zenizeni. Pa Hilux, sipuling'i yakutsogolo imamangidwa molimba kumaso, shackle ili kumbuyo, kuti tayala likagunda mwala lizithawira m'mbuyo pokwera. Pobowola chasisi kuti mudutsitse bawuti ya shackle, lowetsanimo paipi yolimba n'kuiwotcherera mbali zonse ziwiri, chifukwa chasisi ndi bokosi lopanda kanthu m'kati. Mukangomanga bawuti popanda paipi, makoma ake amafinyika. Ndipo chasisi ya zaka 30 muigogode kaye ndi hamala. Pamene pakulira mogonthera pali dzimbiri m'kati, ndipo dzimbiri siliwotchereka.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani, pa caster. Pano ndichedwapo.

Nonse munakwerapo njinga. Yang'anani foloko yake: siima chilili, mutu wake unapendekera kumbuyo, kwa wokwera. Kupendekera kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti wakabaza asiye mahandulo n'kumayankha foni, njinga ikuyendabe mowongoka. Tayala limatsatira lokha njira. Koma njinga ikagunda khoma foloko n'kupindikira m'kati, mukudziwa mmene imakhalira: imanjenjemera, imakhotera kulikonse, siigwirika. Galimoto ndi chimodzimodzi. Tayala lakutsogolo limakhota pozungulira mzere wodutsa pa bering'i yapamwamba ndi yapansi ya knuckle. Mzere umenewo uyenera kupendekera kumbuyo pang'ono. Ndiyo caster. Ndi imene imabweza chiwongolero pakati mukamaliza kona, ndiponso ndi imene imaletsa kunjenjemera kuja kumene ndakuuzani poyamba. Pa Hilux yosasinthidwa ndi madigiri ochepa chabe, ndipo amene amakweza galimoto n'kuika matayala akuluakulu nthawi zambiri amafuna madigiri 4 mpaka 6. Tangoganizani kuchepa kwake. Madigiri 4 ndi maso simungawaone. Koma moyo wa anthu okwera uli pamenepo.

Vuto limabwera motere. Mukakweza galimoto, propshaft yakutsogolo, imene ndi yaifupi kale, imatsetsereka kwambiri kuchokera ku transfer kupita ku difu. Imayamba kulira, ma universal joint amagwirana. Mmisiri amaona zimenezi n'kuganiza kuti, ndingozunguza ekiselo pang'ono kuti mphuno ya difu iloze m'mwamba, ku transfer. Akatero propshaft imakhala chete, iye n'kusangalala. Koma difu yakutsogolo mphuno yake imaloza kumbuyo. Mukaikweza mphunoyo, ekiselo yonse yagudubuzikira kutsogolo, ndipo ma knuckle apita nayo limodzi. Digiri iliyonse imene mwapatsa propshaft mwailanda kwa caster. Izi ndi zimene zinachitika pa Hilux yoyera ija. Mmisiri uja anachiza phokoso limene ankalimva, n'kubweretsa matenda amene sankawaona.

Lamulo langa ndi ili: caster ndiyo imayamba, propshaft ibwere pambuyo. Khazikani ekiselo pa caster yoyenera, muyeze pamwamba pa knuckle galimoto itaima pa matayala ake. Ngakhale foni zambiri za masiku ano zimatha kuyeza madigiri, choncho palibe chifukwa chongoyerekeza. Ngati pasowa digiri imodzi kapena ziwiri, pali timphanda tachitsulo tolowetsa pakati pa sipuling'i ndi ekiselo. Tikhale tachitsulo, tomangidwa ndi centre bolt, osati ta aluminiyamu timene timaphwanyika n'kusiya ma U-bolt ali lendelende. Propshaft muithetse payokha, poika mfundo yopirira kupindika ndi slip yaitali, chifukwa ekiselo ya pa masipuling'i imayenda mtunda wautali kuposa difu ya IFS imene inali yomangirira pa chasisi. Ilipo njira yodula mapeto a ekiselo n'kuwazunguza paokha kuti caster ndi mphuno ya difu zonse zikhale bwino, koma imeneyo ndi ntchito ya munthu wokhala ndi jig ndi luso lotsimikizika. Ngati simunaionepo ikuchitika, pitani mukaione kwa amene amaidziwa. Safunsa anadya phula.

Kuchepetsa mavuto onsewa n'kosavuta: musakweze galimoto kuposa pamene pafunikira. Chasisi ya IFS ilibe mpata waukulu pamwamba pa ekiselo, choncho ntchitoyi payokha imakweza galimoto, kawirikawiri masentimita 10 kapena kuposa. Pamenepo mpokwanira. Sentimita iliyonse yowonjezera imakweza kulemera konse m'mwamba, ndipo pikapu yaitali yosenza matumba ndi anthu pamwamba pa matumbawo siichedwa kugudubuzika pakona. Onetsetsani kuti ekiselo ikakwera mpaka kumapeto ikugunda mphira yoimitsa, osati sampu ya oyilo.

Za chiwongolero. Hilux yakale ya ekiselo yathunthu inali ndi bokosi lokankha ndi kukoka chitsulo chachifupi choyenda motsatira chasisi, kukafika pa mkono wopindika ngati chilembo cha J. Pa msinkhu wa ku fakitale zimagwira ntchito. Mukakweza galimoto, chitsulocho chimatsetsereka, ndipo nthawi iliyonse sipuling'i ikafinyika, kaya pa bampu kaya pomanga mabuleki, tayala limakhota lokha dalaivala asanalilamule. N'chifukwa chake osintha ambiri amasunga bokosi la IFS, n'kudutsitsa drag link mopingasa kupita ku knuckle ya mbali inayo, itagona mosatsetsereka kwambiri. Apa pali msampha wa ife a kuno. Zida zambiri zogulitsidwa pa intaneti zinapangidwira galimoto za ku America, za chiwongolero chakumanzere. Zathu chiwongolero chili kumanja, bokosi lili kumanja, ndipo drag link iyenera kukathera ku knuckle yakumanzere. Mukaitanitsa osafunsa, mudzalandira mikono yotembenuka, ndipo mudzayesedwa kuti muipinde ndi moto.

Musaipinde. Ndikupemphani ndi mtima wonse. Pitman arm, mikono ya pa knuckle, drag link, tie rod, zimenezi musazitenthe, musazidule n'kulumikiza. Zinasulidwa ndi kukhwimitsidwa mwa njira yake, ndipo moto wa gasi umasintha chitsulocho m'kati mosaoneka. Sipuling'i ikathyoka, galimoto imakhala pansi mbali imodzi, dalaivala amaima. Chitsulo cha chiwongolero chikathyoka, dalaivala amatsala atagwira chinthu chozungulira chopanda ntchito, galimoto ikupita kumene yafuna. Ngati kutalika sikukukwana, pangitsani chitsulo chatsopano chathunthu cha paipi yochindikala, chodulidwa mazinga pa lathe. Pamene bokosi lamangidwa pa chasisi ikanipo mapuleti olimbitsa ndi mapaipi odutsamo mabawuti, chifukwa matayala akakanirira m'matope mphamvu yonse imathera pamenepo, ndipo chasisi imang'ambika mozungulira mabowo.

Ekiselo yakaleyo musaiike mmene mwaipezera. Tsegulani ma knuckle onse. Mukapeza girisi wasanduka phala lamadzimadzi lonunkha oyilo wa difu, dziwani kuti oil seal yam'kati inatha. Tsukani birfield, muone ngati khola lake lilibe ming'alu. Ikani mabering'i atsopano a knuckle, ndipo kulimba kwake muyeze ndi sikelo yokoka, ngati ija yopimira nyama kapena fodya: mumakola pa bowo la mkono n'kukoka, ndipo pa Hilux izisonyeza pakati pa makilogalamu 3 ndi 6. Mumawonjezera kapena kuchotsa timashimu mpaka zikwane. Mabering'i amenewa akakhala olekera, kunjenjemera kuja kumabwera ngakhale caster ili bwino. Ndipo musaphimbe matendawa ndi shoko ya chiwongolero. Steering damper imabisa kugwedera, siichiza. Tsiku limene idzafooke, zonse zidzabwerera pa liwiro lalikulu.

Mabuleki ndinena mwachidule, osati chifukwa ndi aang'ono. Mapaipi a mphira akhale aatali moti ekiselo italendewera mpaka pansi asakokeke. Yesani pokweza chasisi, osati ekiselo, n'kukhotetsa matayala mbali zonse. Kumbuyo, popeza mwakwezako kuti galimoto ifanane, kumbukirani valavu ija ya pa chasisi yolumikizidwa ndi kandodo ku ekiselo. Imayeza kulemera kwa katundu poona mmene galimoto yatsikira, n'kumagawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Mukakweza galimoto osasuntha kandodoko, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu nthawi zonse, ndipo mabuleki akumbuyo amagwira mofooka ngakhale mutasenza tani yathunthu. Ma U-bolt akhale atsopano. Akale anatanuka kale. Mashoko muwasankhe mutayeza mtunda umene ekiselo ikuyenda, kuti asakhale iwo oimitsa ekiselo.

Pali mbali ina imene amisiri sitikonda kuikamba, ya mapepala. Galimoto imeneyi idzapita kukayezedwa COF, ndipo ili ndi inshuwalansi. Mwasintha chinthu chachikulu pa kapangidwe kake. Muuzeni mwini wake kuti akafunse ku Road Traffic ndi kwa a inshuwalansi ntchito isanayambe, osati itatha. Mumulembere papepala zimene mwaika: ekiselo yachokera pa galimoto yanji, giya yake ndi iti, caster mwaisiya pa madigiri angati, mabering'i ndi ma seal ndi a nambala yanji. Pepalalo likhale m'galimoto. Tsiku lina idzafera ku Chitipa kapena ku Nsanje, ndipo mmisiri wa kumeneko, mnzathu amene sitidzamuona, adzayang'ana nambala ya chasisi n'kuitanitsa zida za IFS zimene kulibenso. Kapepala kanu kadzamupulumutsa masiku atatu.

Hilux yoyera ija inakhala pagalaja panga milungu iwiri. Tinadula zokhazikira masipuling'i pa ekiselo n'kuziikanso pa madigiri oyenera, tinataya chitsulo chowotcherera chija n'kupangitsa chatsopano, tinamanganso ma knuckle onse awiri, n'kutsitsako msinkhu pochotsa zitsulo zimene anawonjezera. Poyesa tinayamba pang'onopang'ono pabwalo, kukhota mpaka kumapeto uku ndi uku mnyamata wanga atagwada pambali kuyang'ana ngati pali chokhudzana. Kenako tinabwerera ku kadzenje komwe kaja. Ndinakagunda pa 40, kenako pa 60, kenako pa 80. Chiwongolero chinangogwedezeka kamodzi n'kubwerera pakati. Tinakweza matumba a mchenga kumbuyo n'kuyesanso mabuleki pa msewu wa fumbi wopanda anthu. Ndinawauza bambo aja kuti akayenda makilomita 500 abwerenso kuti tidzamangitse ma U-bolt ndi manati a pa knuckle, chifukwa zitsulo zatsopano zimakhazikika n'kulekera. Anabwera tsiku la msika, matumba a mtedza ali kumbuyo, mwana wawo wamng'ono atagona pampando wakutsogolo. Ma U-bolt awiri analandira sipanala pafupifupi theka la kuzungulira.

Panja apa ndabweretsa ekiselo ya LN106, ili pa zoimikira, knuckle imodzi ndaitsegula kale. Ndabweretsanso sikelo yokoka, choko ndi choyezera madigiri. Akuluakulu mundikhululukire, ndiyamba ndi achinyamatawa. Aliyense agwire choyezera ndi dzanja lake, awerenge caster, kenako ine ndizunguza mphuno ya difu m'mwamba pang'ono, awerengenso. Mafunso tikayankhirana komweko. Tiyeni tituluke dzuwa lisanapendeke.